ZAPAMSIKA: Pothawa tinali limodzi, pa mipando abambo okha

Amayi inu ogulitsa kachewere ndi kabichi pa msika wa Dedza, tamasulani K200 yomwe mwamanga pa chitenjeyo. Nkhope ili pamenepo mukuidziwa? Ndi mayi Rose Chibambo amenewo. Atsamunda anawatsekera ku Zomba mu 1959 khanda lili kumanja. Nduna zitayambana ndi Kamuzu mu 1964, iwonso anachotsedwa pa udindo, nathawira ku Zambia. Kwawo kuno anabwerako mu 1994, matipate atabwera.

Tsono tawerengani zipani zomwe a Malawi othawa anayambitsa kunja. Mafremo inali ya a Orton Chirwa, Lesoma ya a Attati Mpakati, Congress for the Second Republic ya a Kanyama Chiume. Apulezidenti onse ndi abambo. Kodi amayi anatsala kumudzi? Ayi ndithu. Anawoloka malire limodzi. Koma bambo akapita ku msonkhano, wina amayenera kusaka ufa, lendi ndi fizi ya ana m'dziko la eni. Ntchito imeneyo sailemba m'maminitsi a chipani.

Chikwapu nacho sichinasankhe. Pa 24 December 1981 a Orton anagwidwa pamodzi ndi akazi awo, mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno. Mu 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe. A Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, mayi Vera anatuluka mu January 1993. Nyumba ya mtolankhani Mkwapatira Mhango itaponyeredwa bomba la moto ku Lusaka mu 1989, amayi ndi ana anafera momwemo. Ndani amatchula mayina awo?

Musati nza kuno kokha. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022, anthu ambiri anathawa m'dziko la Russia, amuna ochuluka poopa kugwidwa usilikali. Gulu limodzi lotsutsa nkhondoyo anayambitsa ndi amayi, ndipo ena mwa iwo amaliyendetsa ali kunja. Koma taonani mayi Yulia Navalnaya: dziko linayamba kuwatenga ngati mtsogoleri amuna awo a Alexei Navalny atafera m'ndende mu 2024. Kodi mayi azidikira maliro kuti amvedwe?

Funso lomweli lili pa msika pathu pano. Tayang'anani mabenchi: ambiri ndi amayi. Tikiti amadula tsiku ndi tsiku, chisanu cha June chimawapeza ali pa thumba la mbatata kusanache. Andale akabwera, oimba ndi ovina ndi omwewo, malipiro ake nsalu ya chipani. Koma posankha komiti ya msika, tcheyamani bambo, mlembi bambo, mayi mwina msungichuma chifukwa akuti "saba".

Abambo anzanga, pepani, izi sizoona. Ndipo inu amayi, chisankho cha komiti chikadzafika musadzangonyamula mkono kusankha wina. Imani nokha, anzanu akuvotereni. Mayi Chibambo sanakhale kunja zaka pafupifupi 30 kuti nkhope yawo izingobweza tchenji.