Nambala ya pa sikelo si yokwanira, tiziona komwe mzere ukulowera

Pa tsiku la sikelo ya ana, kaya ndi pa chipatala cha Kaporo kaya ndi pansi pa mtengo wa mango m'midzi ya kwa Kilupula, mayi aliyense amafuna kumva chinthu chimodzi: mwana wakwana makilo angati. Akamva nambalayo amabereka mwana n'kuuyamba ulendo wa kumunda. Koma nambala ya tsiku limodzi imanena zochepa. Chofunika kwambiri n'chakuti mwanayo wakwera kapena watsika bwanji kuchokera mwezi watha.

Tiyerekeze ana awiri a miyezi 10, ndipo onse lero alemera makilo 8. Woyamba adali ndi makilo 7.4 miyezi iwiri yapitayo, kenako 7.7. Wachiwiri adali ndi 8.4, kenako 8.2. Sikelo ikuti anawa ndi ofanana, pomwe woyamba akuwonjezera magalamu 300 pamwezi ndipo wachiwiri akutaya magalamu 200 pamwezi. Wachiwiriyu mwina sadayambe kuoneka wonyentchera, ndipo tepi yoyezera mkono sidafike pofiira, koma china chake chalakwika: kutsegula m'mimba, malungo obwerezabwereza, kapena phala losakwanira. Mzere wa m'buku la kusikelo ukaima kapena kuloza pansi, imeneyo ndi nthawi yofufuza, osadikira tsiku loti mwana alembedwe pa chiponde.

Kuganiza kotereku kuli ndi dzina kusukulu ya ukachenjede. Ndi gawo la masamu lotchedwa calculus, lomwe Isaac Newton wa ku England ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany adalipeza payekhapayekha m'zaka za m'ma 1600. Ophunzira zamalonda ndi zachikhalidwe cha anthu ambiri amaliopa, n'kumati ndi la mainjiniya. Komatu mutu wake ndi mafunso awiri okha: chinthu chikusintha pa liwiro lotani pakali pano, ndipo tizidutswa ta kusinthako tikatiphatikiza tikwana zingati?

Mlimi wa mpunga wa Kilombero amalidziwa funso loyambalo ngakhale sadalowe m'kalasi. Thumba loyamba la feteleza limasintha munda kwambiri, lachiwiri limawonjezera pang'ono, ndipo pamafika poti thumba lina silingabweze ndalama zogulira. Ophunzira zamalonda amawerengera malire amenewo ndi calculus. Pa zaumoyo masamu ake ndi omwewo, kungoti chomwe chili pachiswe ndi moyo.

Taganizirani za kolera, yomwe mu 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja sadawasiye. Tinene kuti mudzi wina ukupeza odwala 10 sabata iliyonse, pomwe mudzi wina wapeza 2, kenako 4, kenako 8. Woona chiwerengero chokha athamangira ku mudzi woyamba, poti odwala akwana 30 pomwe kwinako ndi 14. Woona liwiro adziwa kuti zikapitirira chomwecho, mudzi wachiwiri upeza odwala 16 sabata yamawa ndi 32 sabata inayo. Midzi yonse ikufunika thandizo, koma klorini ndi uthenga wa ukhondo ziyenera kufika msanga komwe moto ukuyaka, usadafike padenga.

Akatswiri a zaumoyo adayamba kalekale kudalira masamuwa. Ronald Ross, amene mu 1897 adapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, adawerengera pambuyo pake kuti sikofunika kupha udzudzu wonse. Ukachepa kufika pa mlingo wina, matendawa amalephera kufala. Ndi chifukwa chake neti ya mnzanu imakutetezani inunso, ndipo neti yotchingira dimba kapena yogwirira usipa imaika mudzi wonse pangozi.

Mankhwala nawo amatsata lamulo la kusintha. LA amamwedwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu chifukwa mbali imodzi ya mankhwalawa imatha m'magazi patangopita maola ochepa. Mwana akamwa kawiri thupi limazizira, makolo n'kusunga mapiritsi otsalawo kuti adzathandize tsiku lina. Mphamvu ya mankhwala imatsika tizilombo tisadathe, ndipo malungo amabwerera.

Wina anena kuti mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo ali kale ndi katundu wolemera: katemera, kalembera, makomiti a zitsime, maulendo a panjinga m'matope a dzinja. Kuwawonjezera masamu a kuyunivesite n'kuwasenzetsa mtolo wina. N'zoona, ndipo sindikupempha kuti aloweze zilembo za Leibniz. Ndikupempha zinthu zitatu zosafuna ndalama. Pa sikelo, volontiya asangolemba kadontho, alumikize ndi ka mwezi watha, amuonetse mayi mzerewo n'kumuuza ngati ukukwera, waima kapena ukutsika. Pa lipoti la mudzi, pambali pa chiwerengero cha sabata ino pazilembedwa cha sabata yatha. Ndipo okonza maphunziro a mavolontiya apatule ola limodzi lophunzitsa kuwerenga mzere, pogwiritsa ntchito mabuku enieni a kusikelo.

Makolonso tili ndi mbali yathu. Mzere sungajambulidwe ndi kadontho kamodzi. Mwana akadumpha sikelo miyezi itatu chifukwa cha kuwokera mpunga kapena msika wa ku Songwe, palibe angadziwe kuti adayamba liti kutsika. Mwana akamaliza katemera, sikelo isathere pomwepo, ipitirire mpaka zaka zisanu.

Pomaliza, tisamauze ana athu kuti masamu ndi a anthu ena. Ku Chilumba, m'boma lomwe lino la Karonga, kafukufuku wa matenda wakhala akuchitika kuyambira 1979, ndipo adayamba ndi khate. Ntchito yotere imafuna anthu odziwa kuwerengera momwe zinthu zikusinthira. Mtsikana wa ku Kaporo amene akudandaula ndi calculus ku Mzuni kapena ku Zomba mulimbikitseni. Akabwera kutchuthi, mupatseni buku la kusikelo la mng'ono wake kuti akufotokozereni zomwe mzerewo ukunena.