Denga la Carnegie analisenza ndani?

Mutu umodzi susenza denga. Amene anaonapo anthu akukweza denga la nkhokwe amadziwa mmene zimakhalira: amuna amalizungulira, aliyense n'kulowetsa mutu pansi pa phaso, wina n'kufuula, denga n'kunyamuka. Likakhazikika, mwini nkhokwe amatulutsa thobwa kuti onse amwe, chifukwa akudziwa makosi amene apweteka.

Andrew Carnegie sanatero. Anachoka ku Scotland ali mnyamata mu 1848, makolo ake atasowa pogwira, n'kukayamba ntchito m'fakitale ya thonje ku Pennsylvania. Zaka za m'ma 1800 zikutha anali mfumu ya zitsulo ku Pittsburgh, pa nthawi imene America inkayala njanji ndi kumanga milatho usana ndi usiku. Mu 1901 anagulitsa kampani yake kwa J. P. Morgan pa madola 480 miliyoni. Chuma chambiri anachigawa, ndipo malaibulale oposa 2,500 anamangidwa ndi ndalama zake. Za malaibulalezi ambiri amazidziwa. Za ku Homestead n'zimene zimaiwalika.

Mu 1892 pangano la kampaniyo ndi bungwe la antchito a pafakitale ya Homestead linali kutha. Henry Clay Frick, amene Carnegie anamusiyira chiwongolero, anafuna kudula malipiro ndi kuthetseratu bungwelo. Anazinga fakitale ndi mpanda wa matabwa, pamwamba pake waya waminga, n'kutsekera antchito kunja. M'bandakucha wa pa 6 July, alonda aganyu a kampani ya Pinkerton pafupifupi 300 anatulukira m'mabwato awiri pamtsinje wa Monongahela. Anthu a m'tauniyo, amuna ndi akazi omwe, anakawachingamira pagombe. Mfuti zinalira mpaka madzulo ndipo anthu osachepera khumi anafa. Alondawo anagonja, koma bwanamkubwa wa Pennsylvania anatumiza asilikali zikwizikwi, fakitale inatsegulidwa ndi antchito ena, ndipo pofika November sitalaka inali itafa. Pamene mfuti zinkalira, Carnegie anali kwawo ku Scotland.

Atsogoleri a sitalakayo sanalembedwenso ntchito. Otsala ambiri ankagwira maola 12 patsiku pafupi ndi ng'anjo, chitsulo chosungunuka chikuthetheka pambali pawo. Mu 1898 Carnegie anatsegula laibulale yokongola ku Homestead komweko. Ndimadzifunsa kuti bambo wotuluka pang'anjo atagwira maola 12 akanalowamo nthawi yanji. Ana ake mwina anawerengamo, ndipo sindikunyoza zimenezo. Buku ndi chinthu chabwino. Koma ndalama za njerwa za laibulaleyo zinachoka m'malipiro amene bamboyo anamanidwa, ndipo palibe anamufunsa ngati ankafuna laibulale kapena kufika kunyumba ana asanagone.

Zinthu zinasintha ku America, koma mochedwa, ndipo anazisintha ndi antchito eni ake pogwirana manja. Makampani a zitsulo anayamba kusiya shifiti ya maola 12 mu 1923. Lamulo loteteza ufulu wolowa m'mabungwe a antchito linabwera mu 1935, la malipiro oyambira ndi malire a maola mu 1938. Ngakhale tchuthi chathu cha pa 1 May chinachokera komweko: ndi chikumbutso cha antchito a ku Chicago ndi mizinda ina amene mu 1886 ananyanyala ntchito pofuna kugwira maola asanu ndi atatu basi.

Mkanganowu sunathe. Mu 2022 antchito a m'nyumba yosungira katundu ya Amazon ku Staten Island, mumzinda wa New York, anavota kuti akhale ndi bungwe lawo, ndipo kampaniyo inathamangira kukatsutsa zotsatirazo.

Kwathu kuno nakonso timaona olemera akupereka matumba a ufa ndi mabulangeti kutsogolo kwa makamera, ife n'kuomba m'manja. Apereke ndithu, njala ilipo. Koma mtolankhani amene wajambula mwambowo apitenso pageti la fakitale kapena la esiteti ya mwini mphatsoyo. Akafunse mlonda kuti amagwira maola angati, analandira liti malipiro a mwezi watha, komanso ngati angalowe m'bungwe la antchito popanda kuuzidwa kuti mawa asabwerenso.