Tiwayendetse makolo maso akadaona

Kumaiko a anzathu kuli mabanja omwe munthu akakwanitsa zaka 50, 60 kapena 70, onse amalongedza zikwama n'kumutenga paulendo wozungulira dziko lapansi. Magulu a makampani a ndege monga Star Alliance, momwe mulinso Ethiopian Airlines yomwe imatera pa Chileka ija, amagulitsa tikiti imodzi ya ulendo wotere. Umalowera mbali imodzi, kum'mawa kapena kumadzulo, n'kuwoloka nyanja za Atlantic ndi Pacific mpaka kukatulukira m'dziko lomwe udayambira. Ulendo womwe udatengera amalinyero a Magellan zaka zitatu, kuyambira 1519 mpaka 1522, lero umatheka m'masabata ochepa chabe.

Kwa ambirife, awerengi, izi n'zongomvera. Pakufunika pasipoti, maviza ndi madola, pomwe kwacha yathu idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023. Komabe Chichewa chidatikomera mtima. Mawu oti dziko amatanthauza dziko lapansi, amatanthauzanso Malawi. Choncho banja la ku Ndirande nalonso lingathe kuzungulira dziko popanda kudinditsa chidindo pachipata chilichonse, ndipo ndikudziwa banja lomwe lidachitadi zimenezi.

Azakhali anga amakhala ku Goliyo. Tsiku lawo lobadwa salidziwa, amangoti adabadwa chaka cha njala, kutanthauza 1949. Tsiku lomwe lili pachitupa chawo chaunzika adangoliganizira pa kalembera wa mu 2017. Mu 2024 adakwanitsa zaka 75, zomwe sizichitikira aliyense, pakuti kalembera wa anthu wa mu 2018 adapeza kuti Amalawi a zaka 65 kapena kuposerapo sakwana asanu pa 100 alionse.

Ana awo asanu adagwirizana zochitapo kanthu, koma chochitacho n'chomwe chidavuta. Wamkulu amafuna phwando la tenti, nsalu yofanana, zoimbira ndi perekaniperekani. Wina adati ndalamazo zingosungidwa poti munthu wamkulu sachedwa kudwala. Mkanganowo udatha pomwe wamng'ono adapita kukawafunsa eniake.

"Amayi, inuyo mukufuna chiyani?"

"Ine ndikufuna ndikaone komwe kumachokera usipa," adayankha motero.

Onse adangoti kukamwa yasa. Mayi amene wagulitsa usipa ndi utaka mumsika wa Ndirande kwa zaka zoposa 40, amene adalipira sukulu ya ana asanu ndi nsomba zouma, adali asanaonepo Nyanja ya Malawi. Nsombazo ankakapikula ku Limbe, ndipo ulendo wawo wautali udali wopita kumudzi kukakhuza maliro.

Mutu umodzi susenza denga. Anawo adayamba kusonkha mwezi ndi mwezi kwa miyezi khumi, ndipo mlongo wawo wa ku Johannesburg amatumiza gawo lake. Mu Ogasiti, sukulu zitatsekera, adachita hayala minibasi, adakwezamo ufa, nyemba, mbaula ndi makala, komanso zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Ine adandiitana kuti ndizilozera njira, ati poti ndimaphunzitsa Jogalafe. Tidadzera ku Zomba, tidawoloka Shire pa Liwonde, n'kukafika ku Mangochi ndi Monkey Bay. Kuchoka apo tidatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja kudzera ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, tidakwera ku Mzuzu, n'kutsetsereka pa Chiweta mpaka ku Karonga. Pobwerera tidadzera ku Kasungu, Lilongwe, Dedza, Ntcheu ndi Zalewa. Adali masiku asanu ndi anayi, ndipo tinkagona kwa abale, kwa anzathu a mumpingo ndi m'malo ogona alendo otchipa.

Atafika kunyanja, azakhali sadachite chidwi ndi mahotela. Adalunjika pomwe asodzi amayanika usipa pamathandala, adautapa m'manja, adaununkhiza, kenaka adayamba kufunsa mtengo wa chigoba. Atawerengera ndi mtengo womwe amapikulira ku Limbe, adaseka mpaka misozi. Usiku adakana kukagona msanga, amafuna aone nyali za asodzi zili ngwee pamadzi ngati mzinda. M'mawa mwake adavula nsapato, adalowa m'madzi mpaka m'maondo, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, madzi awa ndiwo adalera ana anga, koma ine ndi iwo sitinkadziwana."

Ku Nkhata Bay tidaipeza Ilala itakocheza. Nditawauza kuti sitimayi idayamba kuyenda panyanjapo mu 1951, adati, "Ndiye kuti ndi mng'ono wanga, ndipo tonse tikadali pantchito." Ku Karonga zidzukulu zidaona ndi maso chigoba cha Malawisaurus, chinyama chakalekale chomwe mafupa ake adafukulidwa m'boma lomwelo. Zomwe ndimavutika kujambula pabolodi, monga chigwa chachikulu momwe mwakhala nyanja yathu, anawo adazimvetsa pongosuzumira pawindo potsika Chiweta.

Koma phindu lalikulu la ulendowu silidali zoona ndi maso. Msewu udawatsegula pakamwa azakhali. Pachiliza cha Kamuzu ku Lilongwe adafotokozera zidzukulu momwe ankavinira ngati mbumba pa sitediyamu ku Blantyre, komanso momwe achinyamata a chipani ankaimira pakhomo la msika kubweza aliyense wopanda khadi. Adatiuza momwe adafikira mu Ndirande phiri likadali ndi mitengo, mtsinje wa Nasolo ukadali ndi madzi ochapira. Adatchula maina a agogo athu mpaka mibadwo inayi, ndipo mdzukulu wina adawalemba kuseri kwa kope. Nkhani zimenezi sizidatulukepo kunyumba, chifukwa kunyumba mayi amakhala pamoto, pamsika kapena pamaliro. Pa phwando la tenti sizikadatulukanso, pakuti mwini tsikulo amangokhazikidwa pampando wokongoletsa, zoimbira zili pakhutu, ena akudya.

Ndikudziwa ena mukuti, kodi m'nyengo ino yomwe thumba la chimanga likuliza anthu, n'kumakamba zoyendayenda? Funsolo n'lomveka, ndipo sindikuuza munthu kuti akatenge katapira kapena asiye kulipira fizi ya mwana chifukwa cha ulendo. Ngati denga la amayi likudontha, yambani mwagula malata. Koma tiyeni tinene chilungamo. Banja lomwelo lomwe limati lilibe ndalama yoyendetsera kholo, tsiku lomwe khololo latsikira kulichete ndalama imapezeka m'maola ochepa. Bokosi lodula limagulidwa, magalimoto onyamula anamfedwa amapezeka, nkhata zimadzaza pamanda, ndipo pakatha chaka pamabwera chiliza ndi nsalu yosindikiza nkhope. Kwa makolo ambiri a m'makwalala mwathu muno, ulendo wokhawo wautali womwe ana adawalipirira galimoto yonse ndi wopita kumudzi ali m'bokosi. Ulemu wa pamaliro ndi wabwino, koma mwini wake sauona.

Sikuti aliyense akafike ku Karonga. Kuchokera ku Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena Machinjiri, tsiku limodzi n'lokwanira kupita ku Mulanje kukaona phiri lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Phiri la Zomba nalo lili pafupi. Alipo agogo omwe akhala mu Blantyre moyo wawo wonse koma sadalowepo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale pa Chichiri. M'malo osungira nyama zakutchire monga Liwonde ndi Majete, Mmalawi amalipira ndalama yochepa kusiyana ndi mlendo wakunja, koma ambirife timaganizabe kuti malowa ndi a azungu.

Kwa omwe mungafune kuyesa, yambani ndi kuwafunsa eniake komwe mtima wawo ukufuna. Ena sadzatchula nyanja, adzatchula mishoni komwe adaphunzira, esiteti komwe adagwirako ntchito, kapena mchemwali wawo yemwe adasiyana naye kalekale. Sonkhani pang'onopang'ono monga muchitira kubanki m'khonde, ndipo wosunga ndalama azionetsa kope mwezi uliwonse kuti chibale chisathere pa ndalama. Yendani nthawi yachilimwe misewu ikadali youma. Musaiwale mankhwala a BP kapena shuga, buku la kuchipatala ndi neti ya udzudzu. Paulendo muziima pafupipafupi, chifukwa msana wa zaka 75 sufanana ndi wanu. Koposa zonse, tengani zidzukulu, ndipo mmodzi mwa iwo akhale ndi kope ndi cholembera.

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Maondo a makolo athu sadikira kuti kwacha ikhazikike, ndipo maso awo sadikira kuti timalize kumanga. Ngati muli ndi mayi, bambo, malume kapena azakhali omwe akuyandikira zaka 60, 70 kapena 80, kambiranani pabanja mwezi uno, ndipo muwafunse funso limodzi lokha: kodi n'kuti komwe mumalakalaka mutakafika?