ZA M'BANJA: Mwana Wamng'ono pa Tebulo la Ataliyana

Mwana wa caka cimodzi kufikira zaka zitatu sadziwa kuti makolo ake ali paulendo. Njala ikam'gwira amalira monga aliririra kunyumba, ndipo tulo tikam'peza sasamala kuti ali pakati pa anthu acilendo. Nkhani ya sabata ino ikukhudza mabanja amene apita ku dziko la Italy ali ndi mwana wa msinkhu umenewu, ndi zimene ayenera kudziwa asanalowe m'nyumba zodyeramo za kumeneko. Ngakhale owerenga amene sadzakwera ndeke adzapezamo mau owathandiza pa kadyetsedwe ka ana pamudzi.

Dziko la Italy si lacilendo kweni-kweni kwa anthu a m'Zambia. Kampani ya Ataliyana yochedwa Impresit ndiyo inamanga damu la Kariba, limene linatha m'caka ca 1959. Ataliyana anayalanso paipi ya mafuta ya TAZAMA yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968. Mu mzinda wa Rome muli malikulu a mabungwe a United Nations oona za cakudya ndi ulimi, monga FAO ndi WFP, ndiponso likulu la Mpingo wa Katolika. Motero pali ana a dziko lino amene amapita kumeneko kukagwira nchito, kukaphunzira kapena kukapemphera, ndipo ena amatenga mabanja ao.

Bvuto loyamba ndi la nthawi. Kumudzi nsima ya madzulo imadyedwa dzuwa litangolowa, ndipo mwana amagona pasanapite nthawi. Ku Italy nyumba zodyeramo zambiri zimapereka cakudya ca masana kuyambira ca m'ma 12.30 koloko kufikira ca m'ma 2.30 kapena 3 koloko, kenaka zimatseka. Zimatsegulanso ca m'ma 7 kapena 7.30 koloko madzulo, ndipo kum'mwera kwa dzikolo eni ake amayamba kudya mocedwa kuposa pamenepo. Banja limene lifika pakhomo pa 5 koloko ndi mwana wanjala lidzapeza citseko cotseka. Nzeru yake ndi kudyetsa mwana cakudya ceni-ceni masana, kum'goneka pang'ono, ndi kunyamula nthoci, buledi ndi madzi m'cola. Njala ikakula nthawi isanakwane, pali timasitolo togulitsa pizza yodulidwa m'zigawo, ndi malo ochedwa tavola calda a zakudya zophika kale, amene ambiri amakhala otsegula masana onse. Madzulo n'kwabwino kufika pa nthawi yotsegulira, anthu asanaculuke, pakuti cakudya cimabwera msanga.

Bvuto laciwiri ndi la kaperekedwe ka cakudya. Kuno nsima ndi ndiwo zimabwera pamodzi. Kumeneko cakudya cimabwera m'magawo, mbale ina pambuyo pa inzake. Poyamba pali antipasto, tizakudya totsegulira m'kamwa. Kenaka pali primo, imene ndi pasta, mpunga kapena msuzi. Ikatha imabwera secondo, ndiyo nyama kapena nsomba, ndipo masamba ake, ochedwa contorno, amaitanitsidwa paokha. Potsiriza pali dolce, zotsekemera. Munthu woitanitsa zonsezi angakhale pa tebulo maola awiri, ndipo palibe mwana wa zaka ziwiri amene angapirire kukhala pamodzi-modzi nthawi yotere. Palibe lamulo lokakamiza mlendo kudya magawo onse. Makolo angasankhe mbale imodzi kapena ziwiri, ndi kupempha kuti ya mwana ibwere poyamba.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambi umenewu ugwira nchito kwambiri m'nyumba zimenezi. Zambiri mwa izo, maka-maka zimene ziyendetsedwa ndi banja ndipo zichedwa trattoria, zilibe mndandanda wa zakudya za ana. Ana amadya zimene akulu adya, ndipo wophika amakonza zimene kholo lapempha. Mau ocepa ndi okwanira. Mezza porzione ndiko kuti theka la mbale. Pasta in bianco ndi pasta wopanda msuzi, wongothira mafuta kapena batala ndi chizi pang'ono. Pasta al pomodoro ndi wothira msuzi wa matimati. Seggiolone ndi mpando wautali wa mwana. Si paliponse pamene upezeka, motero n'kwabwino kuufunsa posungitsa malo. Madzi ali a mitundu iwiri: naturale ndi madzi wamba, ndipo frizzante ndi a mpweya, amene ana ambiri amawakana. Kholo lingapemphenso kuti pasta wa mwana apse kwambiri, cifukwa Ataliyana amam'phula akali wolimbirako.

Cinthu cacikulu koposa zonse ndi moyo wa mwana. Mmero wa mwana wosakwana zaka zitatu ndi waung'ono, mano ake otafunira sanakhwime nchito, ndipo cakudya cobulungira kapena conanda cingam'tsamwitse mosabvuta. Pa tebulo la ku Italy zoopsa zotere zilipo zingapo: zipatso za azitona zimene zili ndi nthanga yolimba mkati, mphesa, timatimati ting'ono-ting'ono, ndi chizi wa mozzarella amene akatentha amatamuka ngati ulimbo. Mphesa ndi timatimati zidulidwe m'litali panayi, nthanga za azitona zicotsedwe, ndipo pizza idulidwe tizidutswa itazizira. Mtedza wathunthu wa mtundu uliwonse usapatsidwe kwa mwana wosakwana zaka zisanu. Mwana adye atakhala pansi, wamkulu akumuyang'ana, osati akuthamanga kapena kuseka. Ngati mwana woposa caka cimodzi watsamwa koma akutsokomola, alimbikitsidwe kutsokomola. Ngati walephera kulira ndi kupuma, wamkulu amuweramitse ndi kum'menya ndi cikhatho pakati pa mapewa mpaka kasanu, pamene wina akuitana thandizo. Nambala ya ngozi ku Italy ndi 112.

Palinso zakudya zokoma kwa akulu zimene siziyenera mwana. Prosciutto crudo ndi nyama ya nkhumba yosaphika, yongoumikidwa ndi mcere wambiri. Tiramisù amakonzedwa ndi khofi, ndipo kawiri-kawiri ndi mazira aawisi. Msuzi wa arrabbiata uli ndi tsabola wowawa. Pesto ali ndi nthanga za paini kapena mtedza wina wosinja, motero kholo la mwana amene thupi lake lidana ndi mtedza linene poyera lisanaitanitse. Vinyo amakhala pa matebulo ambiri, ndipo tambula yake iikidwe kutali ndi dzanja la mwana, pamodzi ndi mipeni ndi mbale zotentha. Cokondweretsa ndi cakuti kuyambira mu January 2005 lamulo la dzikolo limaletsa kusuta fodya m'kati mwa nyumba zodyeramo, kupatula m'zipinda zopatulidwira osuta. Pa matebulo a panja anthu amasutabe m'malo ambiri, ndipo banja lisankhe pokhala likudziwa zimenezi.

Ataliyana amadziwika ndi kukonda ana, ndipo si cacilendo kuona woperekera zakudya akuseweretsa mwana kapena kum'bweretsera kabuledi. Koma kukoma mtima kwa eni nyumba sikucotsa udindo wa kholo. Mwana wothamanga pakati pa matebulo angagundane ndi munthu wonyamula msuzi wowira. Akayamba kubvuta, mmodzi wa makolo aturuke naye panja kwa kanthawi, ndipo nchito imeneyi ndi ya atate monga ili ya amai. Zipinda zambiri m'mizinda yakale ndi zopanikiza, ndipo miseu yake ndi ya miyala, kotero kuti kangolo koyendetsera mwana kamasautsa. Apa mai wa ku Zambia ali ndi mwai, pakuti citenje coberekera cimalowa paliponse, ndipo mwana amagona kumsana amai ake akutsiriza kudya.

Za malipiro nazo zifunika kuzidziwa. Ndalama ya dzikolo ndi euro, imene inayamba kuyenda m'manja mwa anthu mu 2002. M'zigawo zambiri muli mtengo wochedwa coperto, wolipirira malo ndi buledi, umene umawerengedwa pa munthu aliyense ndipo umalembedwa pa pepala la zakudya. Kholo lifunse ngati mwana awerengedwa. Woperekera sabweretsa pepala la malipiro asanapemphedwe, cifukwa kwa iwo kutero kuli ngati kuthamangitsa mlendo. Banja limene mwana wake watopa lisadikire. Linene kuti il conto, kapena lipite kukalipira pamalo olandirira ndalama.

Mlendo wocokera kuno akafika kumpoto kwa Italy adzadabwa kupeza cakudya cofanana ndi nsima. Dzina lake ndi polenta, ndipo amaphika ndi ufa wa cimanga, kawiri-kawiri cacikasu, akutakasa ndi mthiko. Mwana amene wakana zakudya zina zonse amailandira monga mnzake wakale. Koma mbiri ya polenta ili ndi cenjezo. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 alimi osauka a m'zigawo za Veneto ndi Lombardy anali kudya polenta m'mawa, masana ndi madzulo popanda ndiwo zokwanira, ndipo zikwi zambiri anadwala nthenda yosupula khungu, yotsegula m'mimba ndi yosokoneza mutu. Sing'anga wa ku Milan, Francesco Frapolli, analemba za nthendayi mu 1771 ndi dzina lakuti pellagra, kutanthauza khungu lokhakhala. Mu 1902 boma la Italy linaika lamulo lolimbana nayo, ndipo mu 1937 zinadziwika kuti imayamba cifukwa ca kusowa kwa vitamini wochedwa niacin, amene thupi silimupeza mokwanira m'cimanga. Nthendayi inatha m'dzikomo pamene anthu anayamba kudya zakasinthasintha.

Phunziro limeneli likhudza nyumba iliyonse imene idalira cimanga. Mwana wokhuta phala loyera lokha-lokha angaoneke wodya, pamene thupi lake likusowa zomangira. Phala lake lithiridwe nsinjiro, ndipo nsima yake ikhale ndi nyemba, kapenta wosinja, dzira kapena masamba ofewa. Adye pang'ono-pang'ono kangapo pa tsiku, m'mbale yake-yake, kuti akulu asam'pambane liwiro. Paulendo wa basi wopita ku Lusaka kapena ku Cipata malangizo ndi omwewo: kunyamula kamba ndi madzi abwino, kufunsa za cakudya asanagule, ndi kuyang'anira mwana kufikira atameza nthongo yotsiriza.

Sabata yamawa danga lino lidzafotokoza za kasungidwe ka cakudya ca mwana paulendo wautali m'nyengo yotentha.