Kukongola kwa Filimu Sikugulidwa

Achinyamata ambiri amene atsiriza maphunziro a sekondale masiku ano akuyenda ndi kamera m'thumba, pakuti foni ya m'manja yamakono imajambula kanema. Ena mwa iwo apangana ndi anzawo, alemba sewero, alijambula pamudzi kapena m'tauni, koma poliona pa kompyuta akhumudwa. Dandaulo lawo ndi limodzi, loti kanema wawo akuoneka ngati wa paukwati pamene wa anzawo akunja akuoneka ngati filimu yeniyeni. Pofuna mankhwala a vutoli, ambiri athamangira pa intaneti kukatenga timapulogalamu tosintha mitundu, aika mizere yakuda kumwamba ndi kumunsi kwa chithunzi, awazamo timadontho tonga mchenga, nayesa kuti basi ntchito yatha. Ife tikuti njira imeneyi ikuwatayitsa nthawi ndi ndalama ana athu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiyambe tamvana pa mawu. Filimu, m'tanthauzo lake loyamba, ndi lamba wautali wopyapyala, wopakidwa mankhwala omva kuwala, amene amakulungidwa mumpukutu n'kuikidwa m'kamera. Lamba wodziwika kwambiri ndi wa mamilimita 35 m'lifupi. Pa sekondi iliyonse kamera imajambulapo zithunzi 24, ndipo mpukutu wa mamita 305 umatha m'mphindi 11 zokha. Ukatha sufufutika, uyenera kupita kukatsukidwa, ndipo kumeneko amalipiranso. Chiwerengero cha 24 chimenechi chinakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene mafilimu anayamba kukhala ndi mawu. Liwiro locheperapo linkaononga mawuwo, pamene liwiro loposa apo linkadya lamba wambiri. Chinali chiganizo cha anthu osamala ndalama, koma maso a oonera anachizolowera kwambiri, kotero kuti m'chaka cha 2012, pamene Peter Jackson anaonetsa filimu ya The Hobbit pa zithunzi 48 pa sekondi, anthu ambiri anadandaula kuti inkaoneka ngati sewero la pa wailesi yakanema.

Mfundo yathu yagona pamenepa. Popeza mphindi iliyonse ya lamba inali ndalama, panalibe amene ankayatsa kamera mwachisawawa. Ochita sewero ankayeserera kufikira atadziwa mawu awo pamtima. Wa magetsi ankayesa kuwala kwa pankhope iliyonse. Wotsogolera ntchito ankadziwiratu malo amene kamera iime ndiponso chifukwa chake. Mbali yaikulu ya kukongola kumene timasirira m'mafilimu akale ndi zipatso za kusamala kumeneko. Kanema wa digito anachotsa mtengo wa lamba, ndipo limeneli ndi dalitso lalikulu kwa ife opeza mochepa. Koma anachotsanso mantha aja amene ankachititsa munthu kuganiza asanajambule. Amene akufuna maonekedwe a filimu ayenera kubwezeretsa kusamalako mwa kufuna kwake, popeza mtengo wa lamba sukumukakamizanso.

Chitsanzo chimene tikufuna awerengi athu achisinkhesinkhe ndi cha Sean Baker wa ku America. M'chaka cha 2015, pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance, iye anaonetsa filimu yotchedwa Tangerine, yosimba za moyo wa anthu a m'misewu ya mzinda wa Los Angeles. Filimu yonseyo inajambulidwa ndi mafoni atatu a iPhone 5s. Mbiri ya mafoniwo inafala padziko lonse, koma ambiri anaimva theka. Baker ndi wojambula mnzake, Radium Cheung, anaveka mafoniwo kagalasi kapadera ka kampani ya Moondog Labs, kotambasula chithunzi m'lifupi monga cha m'nyumba yoonetsera mafilimu. Anagwiritsa ntchito pulogalamu ya FiLMiC Pro kuti foni izijambula zithunzi 24 pa sekondi ndiponso kuti ileke kudzisankhira yokha kuwala. Anamangirira foni pa chogwirira choletsa kunjenjemera. Mawu anawajambula padera ndi zipangizo za akatswiri. Ntchito yonse inadya pafupifupi madola 100,000, ndipo n'zachidziwikire kuti mtengo wa mafoni atatu unali kadontho chabe m'ndalama zimenezo. Munthu yemweyu ndiye analandira mphoto ya Palme d'Or ku Cannes m'chaka cha 2024 ndi mphoto zinayi za Oscar m'chaka cha 2025 chifukwa cha filimu ya Anora, imene anaijambula pa lamba wa mamilimita 35. Kamera zinali zosiyana kutalitali, koma diso ndi khama zinali za munthu mmodzi yemweyo.

Tsono wachinyamata wopanda madola 100,000 angatolepo chiyani? Zambiri mwa zofunika sizilira ndalama.

Choyamba ndi liwiro la kujambula. Mafoni ambiri amabwera atachunidwa kuti azijambula zithunzi 30 pa sekondi, chiwerengero chochokera ku mayiko monga America kumene magetsi amasinthasintha ka 60 pa sekondi. Magetsi a kuno kwathu amasinthasintha ka 50, n'chifukwa chake kanema wojambulidwa usiku pansi pa mababu ena amaphethiraphethira. Wojambula wa kuno asankhe zithunzi 25 pa sekondi. Diso silisiyanitsa kwenikweni 25 ndi 24, ndipo 25 amagwirizana ndi magetsi athu ndi wailesi zathu zakanema. Pamodzi ndi liwiroli pali chikope cha kamera, chimene akatswiri amachitcha shutter. M'kamera ya lamba chikopechi chimatseguka theka la nthawi ya chithunzi chilichonse, ndipo dzanja likamayenda limasiya kachimbuuzi pang'ono kamene kamafewetsa kayendedwe. Kuti tifanane nazo, chikope chizitseguka kwa gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi. Padzuwa lamphamvu foni imafupikitsa nthawi imeneyi kwambiri, ndipo anthu amaoneka ngati akuyenda modukizaduka. Mankhwala ake ndi kagalasi kakuda kotchedwa ND filter, kamene kamagwira ntchito ngati magalasi a dzuwa, kapenanso kujambulira pamthunzi. Ndipo musanayambe kujambula, tsekani kuwala ndi kulunjika kwa kamera kuti foni isamasinthe yokha pakati pa chiganizo cha wosewera, pakuti kusinthasintha kumeneko ndiko kumaulula msanga ntchito ya wophunzira.

Chachiwiri ndi kuwala. Lamba wa filimu amapirira kusiyana kwa kuwala ndi mdima kuposa kamera yaing'ono ya mufoni. Lamba amasunga mitambo ndi nkhope pamodzi, pamene foni imasandutsa thambo kukhala pepala loyera, apo ayi imasandutsa nkhope kukhala mthunzi. Dzuwa la masana kuno limakhala pamutu penipeni, limazika maso m'maenje amdima ndi kunyezimiritsa chipumi. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litangotuluka ndi madzulo lisanalowe, koma kumbukirani kuti kwathu kuno chisisira sichichedwa, choncho ochita sewero afike atakonzekeratu. M'nyumba, zimitsani babu la kudenga ndipo mukhazike munthu pafupi ndi zenera kuti kuwala kum'dzere cham'mbali. Nsalu yoyera, kapena katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira, imabweza kuwala kumbali ya mdima. Musam'khazike wosewera atatsamira khoma; m'sendezeni patsogolo mapazi angapo kuti chithunzi chikhale ndi kutsogolo ndi kumbuyo.

Pano tiyenera kuchenjeza za khungu lathu. Kwa zaka zambiri, kuyambira m'ma 1950, kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika ndi dzina loti Shirley. Makina ankachunidwa kuti khungu la mayiyo lioneke bwino, ndipo nkhope zakuda kawirikawiri zinkatuluka zothimbirira. Khadi lokhala ndi amayi a mitundu yosiyanasiyana linadzatuluka m'zaka za m'ma 1990. Choncho wotengera maonekedwe a filimu mwachimbulimbuli akhoza kutengera ndi zilema zake zomwe. Timapulogalamu tambiri tosintha mitundu timachititsa khungu lakuda kuoneka lotuwa ngati phulusa kapena lobiriwira. Khungu lakuda limakongola ndi kuwala kofewa kochokera pa chinthu chachikulu, monga zenera kapena nsalu yotambasula, chifukwa limabweza kuwalako ndipo m'menemo ndimo maonekedwe a nkhope amadziwikira. Yesani kuwala pa nkhope ya wosewera, ndipo zina zonse zitsate pambuyo. Ngati mayi ake a wosewera sangam'zindikire mwana wawo pa kanema, mitundu yanu yalakwika, ngakhale itafanana ndi ya ku Hollywood.

Chachitatu ndi kayendedwe ka kamera. Kamera ya lamba inali yolemera, ndipo poisuntha pankafunika chifukwa. Foni ndi yopepuka, ndipo dzanja losazolowera limaiyendetsa uku ndi uku ngati munthu wofunafuna mbuzi yotayika. Ikhazikeni pa miyendo itatu. Ngati mulibe, thumba la mchenga pa mpando likwanira. Pewani kukokera chithunzi pafupi ndi zala, chifukwa kutero kumachepetsa ubwino wake. Yandikirani ndi mapazi anu. Chithunzi chilichonse chikhale ndi funso lake: kodi woonera akuyenera kuona chiyani tsopano, nkhope ya wolankhula kapena ya womvera?

Chachinayi, chimene ambiri amachiiwala, ndi mawu. Woonera amakhululukira chithunzi chosaoneka bwino, koma sapirira mawu osamveka. Maikolofoni ya mufoni imene ili mapazi khumi kuchokera kwa wosewera imatola mphepo, tambala, chigayo ndi minibasi, n'kusiya mawu a munthu. Bisani foni yachiwiri pafupi ndi wosewera kuti izijambula mawu okha, ndipo wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera poyamba, kuti polumikiza mudzapeze pamene mawu ndi chithunzi zikukumana. Mukamaliza, onse akhale chete kwa mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo. Lidzakuthandizani kutseka mipata.

Zonsezi zikachitika, m'pamene kukonza mitundu kumakhala ndi phindu. Pulogalamu ya DaVinci Resolve, imene akatswiri amagwiritsa ntchito, ili ndi mtundu wake waulere, ngakhale imafuna kompyuta yamphamvu ndithu. Ntchito yoyamba kumeneko ndi kufananitsa zithunzi kuti chojambulidwa Lolemba chigwirizane ndi cha Lachinayi. Timadontho ta mchenga ndi mizere yakuda ndi mchere wothira pomaliza, ndipo mchere sukonza ndiwo zopserera.

Wina akhoza kufunsa kuti, kodi n'kofunika n'komwe kuti kanema wathu aoneke ngati filimu? Funsoli ndi lanzeru. M'chaka cha 1992, ku Nigeria kunatuluka Living in Bondage, sewero la m'chiyankhulo cha Igbo lojambulidwa pa vidiyo wamba n'kumagulitsidwa pa matepi. Maonekedwe ake sanali a filimu m'pang'ono pomwe, koma anthu analigula mwaunyinji chifukwa nkhani yake ya munthu wolakalaka chuma inali yawo, ndipo ambiri amati malonda aakulu a mafilimu a dzikolo anayambira pamenepo. Phunziro lake n'loti nkhani ndiyo mwini nyumba, maonekedwe ndi mlendo. Komabe tisanamizane. Woonera wa lero amaona ntchito za dziko lonse pa foni yake, ndipo oweruza pa mipikisano sachitira chifundo mawu osamveka. Amalawi anzathu anaonetsa kale kuti mpikisano umenewu tingauthe: filimu ya Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula inapambana mphoto ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards m'chaka cha 2016, ndipo The Road to Sunrise ya Shemu Joyah inatenga mphoto yomweyo m'chaka cha 2018.

Pomaliza tikulankhula ndi aphunzitsi. Sukulu zathu zili ndi mwambo wakale wa zisudzo, umene mipikisano monga ya bungwe la ATEM inaukulitsa, ndipo m'magulu a zisudzo amenewa ndimo muli olemba ndi osewera a mawa. Phunziro la kuwala lili kale m'mabuku a sayansi, ndipo kalembedwe ka sewero kali m'mabuku a Chichewa ndi Chingerezi, chotsala n'kuzikumanitsa. Tikupempha mphunzitsi aliyense woyang'anira gulu lotere ayese njira iyi. Apatse ophunzira foni imodzi, awauze kuti apange kanema wa mphindi zitatu, koma awaikire lamulo loti zonse zimene ajambule zisapitirire mphindi 11, ngati kuti ali ndi mpukutu umodzi wokha wa lamba, ndipo pasakhale kufufuta. Adzaona ana akuyeserera kakhumi, akukangana za pamene dzuwa lili, akupempha mnansi kuti ayambe wazimitsa wailesi. Akatero adzakhala ataphunzira chimene pulogalamu iliyonse singawaphunzitse.

Ndipo kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukusunga timakobiri kuti mudzagule kamera yodula, malangizo athu ndi awa: yambani mwagula maikolofoni, kenaka mulembenso sewero lanu kachiwiri ndi kachitatu. Kamera idzabwera pa nthawi yake, ndipo idzakupezani mukudziwa chochita nayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.