Lupanga la ku Korea ndi Mbiri Yake

Ambiri a ife tikaona pa kanema munthu wa ku Korea atavala mkanjo, lupanga lili m'manja, akudula nsungwi kamodzi n'kamodzi, timangoti ameneyu akuchita zimene makolo ake ankachita kalekale. Eni masewerawo nawonso ena amatero, nati luso lawo lakhalapo zaka zoposa chikwi. Koma akatswiri a mbiri yakale savomereza zonse zimenezi, ndipo mkangano wake ngwaukulu ndithu. Ine ndiganiza kuti mtundu wa anthu suchepa chifukwa chobwereka nzeru kwa anzawo, koma umadzichotsera ulemu ukayamba kupeka mbiri pofuna kubisa kubwerekako.

Tiyambe ndi masewera otchedwa Kumdo, amene anthu awiri amamenyana ndi malupanga a nsungwi atavala zisoti ndi zotchinga pachifuwa. Dzina limeneli limalembedwa ndi zilembo zomwezo zimene Ajapani amalembera Kendo, ndipo tanthauzo lake ndi limodzi, ndilo "njira ya lupanga". Masewerawa analowa m'Korea kuchokera ku Japan, nakhazikika pa nthawi imene Ajapani ankalamulira dzikolo, kuyambira 1910 kufikira 1945. Bungwe la Kumdo la ku South Korea linakhazikitsidwa mu 1953. Akorea anasintha zina ndi zina: amaitana ndi kuwerenga m'chinenero chawo, ndipo oweruza awo amanyamula mbendera yobiriwira ngati thambo ndi yoyera, pamene Ajapani amanyamula yofiira ndi yoyera. Komabe zida ndi kamenyedwe n'zimodzi, n'chifukwa chake mitundu iwiriyi imakumana pa mpikisano umodzi wa dziko lonse. Mu 2006 ku Taipei amuna a ku South Korea ndiwo anapambana mpikisanowo. Kodi chikho chimenecho chinachepa mtengo poti masewerawo anadzera ku Japan? Iyayi, ndiye chinakoma koposa.

Nkhani yovuta ili pa masewera ena otchedwa Haidong Gumdo, amene anayamba m'zaka za m'ma 1980. Ophunzira ake ankauzidwa kuti luso limeneli linachokera kwa ankhondo otchedwa Samurang a mu ufumu wa Goguryeo, ndi kuti linasungidwa mobisa m'mapiri kufikira masiku athu ano. Tsono ufumu wa Goguryeo unagwa m'chaka cha 668, ndipo m'mabuku akale a mbiri ya Korea, monga Samguk Sagi la mu 1145, dzina loti Samurang mulibe. Oyambitsa masewerawa atayambana n'kutengerana ku khoti, zinadziwika kuti anawapanga okha posonkhanitsa zimene anaphunzira kwa aphunzitsi ena a masiku omwewo. Masewerawo pa okha ngabwino, amalimbitsa thupi ndi kuphunzitsa kudziletsa. Choipa n'chakuti ana ambiri m'mayiko osiyanasiyana analoweza nthano akuyesa kuti ndi mbiri.

Sindifuna kuti tiwaseke anthu amenewa tisanamve chimene chinawapweteka. Kwa zaka 35 Akorea anakhala pansi pa ulamuliro wa alendo. Chinenero chawo chinachotsedwa m'sukulu, ndipo kuyambira 1940 anakakamizidwa kutenga mayina achijapani. Munthu amene wachitidwa zotere safuna kumva kuti chinthu chimene amachikonda anachilandira kwa amene anamuzunza. Wina angathe kunena kuti, "Nthano yokoma ivulaza yani, ngati ibwezera anthu ulemu wawo?" Funso limeneli ndi lomveka, koma yankho lake Akorea ali nalo kale m'nyumba mwawo.

M'chaka cha 1790 linatuluka buku la maluso a nkhondo limene Mfumu Jeongjo inalamula kuti lilembedwe, dzina lake Muyedobotongji. Analilemba anthu atatu, Yi Deok-mu, Park Je-ga ndi msilikali Baek Dong-su, ndipo muli maluso 24 pamodzi ndi zithunzi zosonyeza kaimidwe ndi kayendedwe ka msilikali. Chimene chindikondweretsa m'buku limeneli n'chakuti olembawo sanabise kumene maluso awo anachokera. Ambiri anawatenga m'mabuku a ku China, makamaka la mkulu wa nkhondo Qi Jiguang, limene Akorea anayamba kuligwiritsa ntchito pa nkhondo ya 1592 mpaka 1598 pamene Ajapani anawathira nkhondo. Muli luso lotchedwa Bonguk geom, kutanthauza "lupanga la dziko lathu", ndipo m'buku lomwelo mulinso lina lotchedwa Waegeom, kutanthauza "lupanga la Ajapani", limene msilikali Kim Che-geon anakaphunzira kwa Ajapani enieniwo. Taonani, anzanga: anthu amene makolo awo anaphedwa ndi lupanga la mdani anakaliphunzira, nalilemba m'buku la mfumu ndi dzina lake lenileni, osachita manyazi. Iwo anadziwa zija amanena akuluakulu kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Buku limeneli likadalipo, ndipo mu 2017 bungwe la UNESCO linalilemba m'gulu la zolembedwa zofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi. Mfuti zitachuluka, asilikali analeka kuphunzira malusowo, kotero kuti amene amawaonetsa lero, monga ku linga la Hwaseong mu mzinda wa Suwon, amachita kuwadzutsa powerenga mawu ndi kuyang'ana zithunzi za m'bukumo. Munthu akanena poyera kuti, "Ichi ndachidzutsa kuchokera m'buku, ndipo mwina pena ndaphonya," ine ndimpatsa ulemu woposa uja amene ati anachilandira kwa nkhalamba ya kuphiri imene palibe wina anaionapo. Woyambayo tingathe kumuyesa ndi kumukonza, koma wachiwiriyo afuna kuti tingomukhulupirira basi.

Nkhani imeneyi itikhudza ife ana a sukulu chifukwa tonse timaphunzira mbiri yakale, ndipo mawa lino ena a ife tidzakhala aphunzitsi ndi olemba mabuku. Tikamva wina akuti chinthu chakutichakuti n'cha makedzana, tisachite mantha kufunsa mwaulemu kuti, "Zinalembedwa kuti? Analemba ndani, ndipo liti?" Kufunsa kotere si mwano, ndiponso sikunyoza mwambo wa eni ake. Mwambo woona sugwa ndi mafunso. Yi Deok-mu ndi anzake anasiya umboni woti aliyense aufufuze, ndipo patapita zaka zoposa 230 ntchito yawo ikulemekezedwabe, pamene nthano ya Samurang inaululika eni ake akali moyo.