ANTHU A MBILI: Giuseppe Martucci, Woimba Amene Anasankha Njila Yakeyake

M'dziko la Italy, zaka za m'ma 1800, munthu wopeka nyimbo amene anali kufuna kuchuka ndi kupeza cuma anali ndi njila imodzi yokha. Anayenela kulemba zisudzo zoimba zochedwa opera, monga anali kucitila Giuseppe Verdi. Anthu anali kudzaza nyumba za zisudzo kukamva mau a oimba, ndipo nyimbo za zoimbila zokhazokha anali kuziyesa za Ajelemani. Komabe panali mwamuna mmodzi waluso lalikulu amene sanalembe opera ngakhale imodzi moyo wake wonse. Dzina lake ndiye Giuseppe Martucci.

Martucci anabadwa pa 6 Januwale 1856 m'tauni ya Capua, kufupi ndi mzinda wa Naples. Atate wake, a Gaetano, anali woimba lipenga, ndipo ndiwo anayamba kuphunzitsa mwanayo. M'mela mpoyamba: pofika zaka 8 mnyamatayo anali ataimba kale limba la piyano pamaso pa anthu. Ali ndi zaka 11 analowa sukulu yaikulu ya nyimbo ku Naples. Kumeneko Beniamino Cesi anamphunzitsa piyano, ndipo Paolo Serrao anamphunzitsa kupeka nyimbo.

Mwana wa ng'ona sakulila dziwe limodzi. Kuyambila mu 1875 Martucci anayenda ku France, ku Germany ndi ku England akuimba piyano. Akatswili a limba limeneli, Franz Liszt ndi Anton Rubinstein, anamtamanda. Iye anali wokonda kwambili nyimbo za Beethoven, Schumann ndi Brahms, zimene kwao zinali kumveka mwa apo ndi apo cabe, ndipo anatsimikiza mtima kuti anthu a mtundu wake nawonso azimve.

Mu 1880 anakhala mphunzitsi wa piyano pa sukulu yomwe ija imene inamlela, ndipo mu 1881 anayamba kutsogolela gulu la oimba. Nchito imeneyi si yapafupi. Wotsogolela amaimilila patsogolo ndi kandodo m'manja, ndipo anthu ambili a malipenga, zitolilo, ng'oma ndi zoimbila za zingwe amayang'ana dzanja lake kuti ayambe pamodzi, akweze kapena atsitse, afulumize kapena acedwetse. Iye akasokoneza, onse asokonezeka.

Mu 1886 anamuika kukhala mkulu wa sukulu ya nyimbo ku Bologna. Ngakhale kuti iye mwini sanalembe opera, sanali kudana nazo. Mu 1888, mumzinda womwewo, anatsogolela Tristan und Isolde ya Richard Wagner, ndipo kameneka kanali koyamba kuti cisudzo cimeneci cionetsedwe m'Italy. Pakati pa anyamata amene anaphunzila kwa iye panali Ottorino Respighi, amene pambuyo pake anachuka ndi nyimbo zofotokoza akasupe ndi mitengo ya mzinda wa Rome.

Zopeka zake zazikulu ndi izi: masimfoni awili, ndiye kuti nyimbo zazitali za gulu lonse la zoimbila popanda mau a munthu, ina ya mu 1895 ndi ina ya mu 1904, nyimbo ziwili zimene piyano imayankhana ndi gulu lonse, ndi kanyimbo kodekha kochedwa Notturno, kamene kamakondedwa kuposa zonse. Mu 1902 anabwelela ku Naples kukakhala mkulu wa sukulu ya nyimbo, ndipo kumeneko anamwalila pa 1 Juni 1909, ali ndi zaka 53.

Njila imene anasankha inali ndi mtengo wake. Dzina la Verdi ndi la Puccini lidziwika pa dziko lonse, pamene la Martucci linatsala pang'ono kuiwalika. Koma amisili anzake sanamuiwale. Gustav Mahler, pa tsiku lomaliza limene anatsogolela oimba, ku New York pa 21 Febuluwale 1911, anaikapo nyimbo yaciwili ya piyano ya Martucci. Arturo Toscanini anaimbitsa nyimbo zake kwa zaka zambili, ku Italy ndi ku America komwe. Pambuyo pake Riccardo Muti, mwana wa ku Naples, anazijambulitsa kuti zimveke m'nyumba za anthu.

Cimene Martucci anasiyila dziko lake si nyimbo zake zokha. Pamene iye anali kuyamba, mnyamata wa ku Italy wofuna kupeka simfoni analibe pophunzilila kwenikweni, ndiponso analibe omvela okwanila. Pamene anali kumwalila, masukulu a ku Bologna ndi ku Naples anali ataphunzitsa mbadwo watsopano, ndipo anthu anali atazolowela kukhala cete m'nyumba yoimbilamo kumvela zoimbila zokha. Respighi ndi anzake anapeza munda wolimidwa kale, iwo anangofesamo.